Tsiku Limene Ndinakokera Apongozi M'dzenje

Nelisa, dzulo sunadye, lero wangonyambita nyemba n'kukankha mbale. Amayi ako andiuza kuti ndi za m'telefoni zija, zoti maiko akuluakulu akuopsezana ndi mabomba otha dziko lonse. Zeka akukuseka, koma usamumvere ameneyu, amathawa ndi nkhuku yomwe ikakhala ndi anapiye. Senderani kuno nonse, pakhondepa pali kadzuwa, mwezi uno Lichinga safuna munthu wokhala pamthunzi. Pali nkhani imene agogo anu akazi anachita kumwalira akundikakamiza kuti ndikuuzeni, ine n'kumangozemba. Mantha akowo, Nelisa, ine ndinawadwala ndili mnyamata, ndipo kumene anandifikitsa ndimachita nako manyazi mpaka lero.

Masiku amenewo mzinda uno unkatchedwa Vila Cabral. Kuno ku Sanjala kumene mukudandaula za fumbi la njinga zamoto kunali minda ndi timatchire, mitengo ya paini ija inali isanatalike n'komwe. Ine ndinali mmisiri womanga nyumba za azungu. Musaone manja akunjenjemerawa, khoma langa linkaima chilili ngati layezedwa ndi galasi. Simenti inali yosowa, tinkasakaniza laimu ndi mchenga wa kumtsinje, njerwa tinkaumba tokha n'kuotcha ndi nkhuni za m'phiri. Choyezera chathu chinali kachitsulo kolendewera ku chingwe, basi. Lero amisiri anu amamanga nyumba mwezi umodzi, mvula yoyamba ikagwa mng'alu uli mbee kuyambira pawindo mpaka pansi.

Ndinali nditangokwatira kumene agogo anu a Rozina, ku Chimbonila. Kale mwamuna ndiye ankasamuka, kukakhala kwa akazi, kulima munda wa apongozi ndi kumanga nyumba yake pamalo amene akuloza. Ine anandilozera malo abwino, pafupi ndi mtengo wa mapichesi, ndipo mudzi wonse unkayembekeza kuona nyumba ya mkamwini womangira azungu. Podikira, tinkagona m'kanyumba ka mlongo wake wa Rozina amene anali ku ntchito ku Rodeziya, kanyumba kogundana ndi ka apongozi anga a Nambewe. Mkati mwa sabata ndinkagona kutauni, Loweruka n'kupalasa njinga kupita kumudzi.

Za apongozi muyenera kumvetsa bwino, apo ayi nkhaniyi muiona ngati yoseketsa chabe. Inu lero mumadya ndi apongozi patebulo limodzi, kujambulitsa nawo mutakolekana manja m'khosi. Ife zimenezo kunalibe. Mkamwini ndi mayi a mkazi wake sankayang'anana kumaso. Mukakumana panjira, wina ankapatukira m'udzu n'kugwada chofulatira mpaka mnzake adutse. Mawu ankadzera mwa mwana, kapena munthu ankalankhula akuyang'ana kukhoma ngati akuuza nkhuku. A Nambewe ndinatha nawo miyezi pabwalo limodzi, koma ndinkawadziwira mapazi ndi kakhosomolero. Nkhope yawo mukanandifunsa sindikanailongosola.

Tsiku lina la chikondwerero cha Apwitikizi kunabwera galimoto ya kanema, n'kuonetsa pakhoma la nyumba yosungiramo chimanga dzuwa litangolowa. Azungu anakhala pamipando, ife tinaima kuseri kwa chingwe. Kanema weniweni asanayambe ankaonetsa tinkhani ta kunja. Ndiye panaoneka chipululu, pakati pake nyumba yabwino, yamawindo agalasi, mkati muli zidole zovala ngati anthu zitakhala patebulo. Ine monga mmisiri ndinkayang'ana makoma, n'kumati awa anamanga ndi anthu odziwa. Kenaka chithunzi chonse chinayera, khoma linafuka utsi, ndipo nyumba ija inachoka. Sikuti inagwa ayi, kugwa kwa nyumba ndimakudziwa. Inangochoka, ngati mmene mankhusu amachokera palichero. Pambuyo pake utsi unakwera kumwamba n'kufutukuka pamwamba ngati bowa.

Pafupi nane panali mnzanga Saidi, Myao, kalipentala wa pantchito pathu, amene Chipwitikizi ankachimva bwino chifukwa anagwirako ntchito kudoko ku Beira. Pobwerera anandimasulira zimene mawu a m'kanema ankanena, n'kuonjezera zimene anamva kwa amalinyero. Anati bombalo ali nalo Aamerika ndi Arusiya, ndipo akusungirana mkwiyo. Anati limodzi lokha limatha mzinda, opulumuka moto amadzafa pambuyo tsitsi likusosoka, ndipo mvula imene imagwa pambuyo pake siimwedwa. Ndinamufunsa ngati lingafike kuno. Anandiyankha kuti Vila Cabral ndi likulu la Niassa, ndipo pankhondo amayambira malikulu.

Sindinali ndekha wogwidwa. Anyamata a pantchito tinkangokamba zomwezo pa nthawi ya chakudya. Wina anasiya kusunga malipiro, ankangomwera kachasu akuti asungiranji. Saidi anayamba kuswali kumzikiti mosaphonya, iye amene kale ankachita kukumbutsidwa. Akuluakulu okha ndiwo sankatekeseka. Mkulu wina wosenza njerwa, amene anaona nkhondo ya Ajeremani ali mwana, anatiuza kuti nkhondo za azungu zimatifika ngati msonkho ndi mitolo yosenza, zinazo ndi zawo. Ndinakafunsanso kwa padiri titatuluka m'tchalitchi. Anandisisita paphewa n'kunena kuti ndizipemphera, zimenezo ndi za akuluakulu a maiko. Sanandiuze kuti ndi bodza, ndipo ine ndinamva chimene sananenecho.

Chimene chinandimaliza ndi ntchito imene tinapatsidwa mwezi womwewo. Mzungu wina wa sitolo anafuna kuti timumangire chipinda chapansi pa nyumba yake, chamiyala, chopanda windo. Lero ndikudziwa kuti chinali chosungira vinyo ndi nyama youma, kwawo amatero. Koma Saidi anandinong'oneza kuti waona, iwo akudziwa tsiku lake, akudzikonzera pothawira, ife atisiya panja.

Mvula itayamba, a Rozina anapita kutchire kukazula bowa, n'kuphika wotendera bwinobwino kuti mwamuna wawo asangalale pobwera Loweruka. Nditavundukula mbale ndinangoona utsi wa m'kanema uja, ndinadya nsima ndi mchere. Analira, ankaganiza kuti ndapeza wina kutauni wophika bwino. Ndiye ndinawafotokozera zonse, za nyumba ija, za zidole, za tsitsi lososoka. Kuyambira pamenepo Loweruka lililonse nkhani yathu pogona inali imeneyo, ine kulankhula, iwo kumvetsera mpaka tulo titawatenga. Ankangoti, ngati n'kufa tifera limodzi, gonani.

Mvula itatha anthu anayembekeza kuti ndiyamba maziko. Ine ndinatenga khasu ndi fosholo n'kuyamba kukumba pansi, pamalo pomwe panayenera kukhala nyumba. Ndinkati ndimangirenji khoma loti lidzauluzika ngati mankhusu. Ofunsa ndinkawauza kuti ndi nkhuti yosungira mbatata. Koma nkhuti simakhala yoti munthu n'kuimirira mkati, simakhala ndi makwerero, simayalidwa miyala m'mbali. Pamwamba ndinagoneka mitengo ikuluikulu n'kukwirira ndi dothi, kusiya kakhomo kamodzi. Ndinaikamo mtsuko wa madzi ndi dengu la nyemba. Kunena zoona inali ntchito yabwino, mwina yoposa nyumba zina zimene ndinamangira azungu.

Amalume awo a Rozina, a Jowakimu, amene anali nkhoswe ya ukwati wathu, anabwera kudzaona. Anasuzumira, anatsika, anatuluka akukutumula maondo. Anandifunsa modekha ngati mwana wawo adzaberekere m'menemo ngati mfuko. Ndinalonjeza kuti nyumba ndiyamba mwezi wamawa. Mwezi unatha, wina unathanso, mphepo ya June inadutsa tikugonabe m'nyumba ya eni. Amayi a m'mudzi akamapita kumadzi ankadutsa dala cha pamenepo.

Tsono chimene sindinkadziwa ndi ichi. Boma linkakonza msewu wodutsa kuseri kwa phiri lathu, ndi anthu ogwidwa chibalo, ndipo anafika pathanthwe limene makasu analephera. Mkati mwa sabata msilikali wa boma anayenda m'midzi kuchenjeza kuti Loweruka masana aphulitsa mwala ndi dinamiti, ana ndi mbuzi asayandikire. Mudzi wonse unamva. Ine ndinali kutauni, ndipo palibe amene anaganiza zondiuza, poti kwa iwo sinali nkhani.

Ndinafika masana dzuwa likuswa mtengo, nyengo yososa m'minda. A Rozina anali kudimba kuthirira mbatata. Pabwalo panali a Nambewe okha, atakhala pamphasa akupeta nyemba, chapafupi ndi dzenje langa. Ndinatsika panjinga patali monga mwa mwambo, n'kuyamba kuzungulira kuseri kwa nkhokwe kuti ndisawadutse pamaso. Ndili pomwepo nthaka inagwedezeka kupazi, kenaka kunamveka kugunda kumene sindinakumvepo chibadwire. Nkhuku zinabalalika. Nditatembenuka ndinaona fumbi lofiira likukwera kuseri kwa phiri, mbali ya ku Vila Cabral, likufutukuka pamwamba.

Sindikukumbukira kuti ndinaganiza chiyani. Ndikukumbukira njinga ikugwa, ndi dzanja langa litagwira mkono wa apongozi anga. Ndinawadzutsa pamphasa ngati mwana, lichero linagubuduka, ndinawakoka mpaka pakakhomo kaja. Ankakana, ankakuwa kuti ndisiyeni, koma ine ndinali mnyamata wosenza miyala. Pamakwerero anaphonya phazi, ine ndisanasiye mkono, tinagwera pansi tonse. Kapulana yawo, nsalu imene anavala, inakodwa pamtengo wa pakhomo n'kutsala kunja. Mumdimamo ndinawagwetsa chafufumimba n'kuwaphimba ndi thupi langa, ndikuwauza kuti tsekani maso, mayi, musayang'ane kuwala.

Zeka, ukufuna kuseka, seka, ndakulola. Ena anaseka iwe usanabadwe.

Tinakhala choncho kanthawi. Ine ndikudikira moto, moto osabwera. Mmalo mwake ndinamva tambala akulira, kenaka mapazi, kenaka mawu a anthu amene anathamangira kukuwa kuja. Kakhomo kanada ndi mitu. Woyamba kutsika anali a Jowakimu, mchimwene wawo wa a Nambewe, atanyamula kapulana ija m'manja. Anaona mlongo wawo ali gone wopanda chofunda, mkamwini ali pamwamba pawo. Sanandimenye, ngakhale ndikanakonda akanatero. Anangoponya nsaluyo n'kufulatira, n'kunena kuti, "Tulukani, bambo. Aphulitsa mwala wa pamsewu."

Kutuluka m'dzenje muja ndi ulendo wautali kuposa maulendo onse amene ndinayendapo, kuphatikizapo wapansi wa ku Metangula. Pabwalo panali mudzi wonse, ana omwe. Palibe amene anaseka nthawi imeneyo, ndipo kusaseka kwawoko kunkawawa kwambiri. A Rozina anafika akuthamanga, matope ali m'miyendo, n'kuima pakati osadziwa kuti apite kwa ndani. Amayi a m'mudzi anatsika kukatulutsa a Nambewe atawafunditsa mpaka kumutu. Mkono wawo wamanja unkalendewera. Phewa linali litachoka m'malo.

Anaitana mkulu wina wodziwa za mafupa, n'kulibwezera madzulo omwewo. Ndinamva kubuula kwawo ndili m'munda wa chimanga chouma kumene ndinakabisala. Ndinaganiza zokwera njinga n'kungopita, ku Nyasalandi kapena kulikonse kumene kunalibe wondidziwa. Chinandiletsa n'chakuti njingayo inali pakati pabwalo, ndipo ndinalibe nkhope yokaitengera.

M'mawa mwake ankhoswe a mbali zonse anakhala pansi pa mtengo wa mapichesi uja. Bambo anga anachita kuwaitanitsa kumudzi kwathu, anabwera atavala jekete la kutchalitchi, ndipo nthawi yonse anayang'ana zala zawo za kumapazi. Kuwaona bambo anga akupepesa kwa anthu achilendo chifukwa cha ine, iwo amene sanakhalepo ndi mlandu m'mudzi, ndi chinthu chimene ndimachilota nthawi zina. Ena a kuchikazi ankati ukwati uthe, munthu woona thupi la apongozi ake sangakhale pamudzi, ndiponso mwina mutu wake sukuyenda bwino, adzabereka ana otani. Anandiuza kuti ndifotokoze. Ndinayamba za kanema, za nyumba ya m'chipululu, za Aamerika ndi Arusiya, ndipo ndikulankhula ndinkadzimva ndekha mmene zinkamvekera pansi pa mtengo wa mapichesi, mbuzi zikudya makoko pambali. Ndinalekezera panjira.

A Nambewe sanatuluke, anatumiza mawu kudzera mwa a Jowakimu. Anati mwana wawo ali ndi pakati, ndipo iwo salera mdzukulu wopanda bambo chifukwa cha phewa. Zoti a Rozina ndi oyembekezera ine ndinazimvera pomwepo, pamaso pa anthu. Mwana ameneyo ndi atate ako, Nelisa. Anagamula kuti ndipereke mbuzi ndi kapulana yatsopano, ndikwirire dzenje ndekha, ndipo nyumba iime mvula isanagwe.

Ndinakwirira. Miyala imene ndinayala bwino ija ndinaizula umodziumodzi n'kuiika m'maziko. Ana ankakhala pachulu kundionerera, wina akati phuu ndi pakamwa, onse n'kudzigwetsa pansi. Dzina la a Bomba linayambira pamenepo. Inu munauzidwa kuti amatitcha kwa a Bomba chifukwa ndinamanga pampu ya madzi ya kumishoni, poti pa Chipwitikizi pampu ndi bomba. Pampuyo ndinamangadi, koma dzinalo linali litakula kale.

Agogo anu akazi anali ndi kanthu kawo kamene sanakasiye moyo wawo wonse. Tikakangana pang'ono, ngakhale za mchere, ankati, ndiwe uja unapulumutsa amayi n'kundisiya ine kudimba ndi mwana m'mimba. Ankanena moseka. Ndinkadziwa kumene kunali dimba, ndipo miyendo yanga sinaganizeko.

Phewa lija silinabwerere mwakale. A Nambewe anali mayi wosinja, mtondo wawo unkamveka mudzi wonse m'mamawa, koma kuyambira pamenepo munsi sanaukwezenso kupitirira pachifuwa. Mtsuko ankachita kuwasenzetsa. Mphepo ya June ikafika ndinkawaonera patali atakhala padzuwa, dzanja lamanzere litagwira phewa lamanja, akulisisita. Sanandinenepo kwa munthu. Chigayo chitabwera ndinkatenga chimanga chawo panjinga osadikira kutumidwa, n'kukasiya ufa pakhomo iwo ali kumunda. Kupewana kwathu kunakula kuposa kwa mwambo. Akamwini anzanga, ana akachuluka, ankayamba kumasuka ndi apongozi awo, kupatsana moni, kufunsana za mvula. Ine ndinali ndi ana anayi ndikupatukirabe m'udzu.

Nkhondo zenizeni zinabwera pambuyo pake, yoyamba ndi yachiwiri, ndipo maenje anthu anakumba m'midzi yambiri. Zimenezo ndidzakuuzani mukadzakula, sizikukhudzana ndi izi. Chodabwitsa n'chakuti pa nkhondo zimenezo sindinachite mantha ngati a chaka chija. Mfuti umaimva kumene ikulirira, umadziwa kothawira. Chija chinalibe mbali.

Tinasamukira kuno kutauni nkhondo itavuta kumudzi, ndipo a Nambewe tinabwera nawo, atakalamba, maso akuchita chifunga. Nyumba inali yaing'ono, kupewana kunali kovuta, komabe tinkayesetsa. Tsiku lina masana a Rozina anapita kumsika, ana ali kusukulu, ine ndikukonza mpini wa khasu kuseri kwa nyumba. Ndinamva ndodo ikugogoda pansi, ndipo ndisanadzuke kuti ndichoke a Nambewe anali atakhala pamwala moyang'anana nane. Anandiuza kuti ndikhale, atopa kulankhula ndi makoma. Aka kanali koyamba kuwaona nkhope bwinobwino. Anali ndi kachipsera pachibwano, ndipo mphuno yawo ndi yomweyo uli nayo iwe, Zeka.

Anandifunsa ngati bomba lija linalikodi, kapena anali mabodza a kanema. Ndinayankha ndikuyang'ana mpini kuti linaliko, ndipo likadalipo. Anagwedeza mutu kanthawi. Kenaka anandiuza kuti khoma la kanyumba kaja linali lopyapyala, ndipo zonse zimene ndinkauza mwana wawo Loweruka lililonse ankazimva, za zidole, za tsitsi, za mvula yosamwedwa. Mwana wawo ankagona, iwo ayi. Anati nawonso bowa anamusiya chaka chimenecho, ankangonamizira m'mimba. Ndipo masiku amene ine ndinali kutauni, anthu akapita kumunda, ankapita kudzenje kuja n'kutsika makwerero okha, kukhala pansi pang'ono mumdima, kuona ngati tingakwanemo tonse ndi mwana wodzabadwayo.

Ndinafuna kupepesa za phewa, mawu amene ndinawasunga zaka zonsezo, koma anakweza dzanja lamanzere kundiletsa.

"Za mwala wa pamsewu ndinkazidziwa," anatero. "Koma utaphulika ndinaiwala, nanenso ndinati ndi lomwe lija. Ndinkadzuka kuti ndithamangire komweko. Mukanangondisiya mkono, bambo, ndikanalowa ndekha, ndi nsalu yanga."

Anagwira ndodo yawo, anadzuka movutikira, n'kubwerera kukakhala padzuwa.